Dothi la M'timapepala ta Shuga

Ndikakumbukira a Mwale, anansi athu a ku Chamama, ndimamva fungo la dothi lonyowa losakanikirana ndi la fodya wouma m'chigafa. Anzawo pakhonde ankayanikapo chimanga kapena mtedza, koma iwo ankayanikapo dothi, lofiira, lakuda, lamchenga, mulu uliwonse pa nyuzipepala yakeyake, ndipo likauma ankalisinja m'kamtondo n'kulithira m'timapepala ta shuga tolembedwa dzina la mwini munda. Nkhuku ikangoyandikira, ndodo inkauluka.

Bambo amenewa anakalambira pa ntchito yoyeza nthaka kumalo ofufuzira za ulimi, ndipo atapuma anabwerera kumudzi ndi njinga, chikwama cha mapepala ndi chitsulo chopotana chobowolera pansi. Dothi ankalinunkhiza, kulifikisa ndi zala, mwina kuliika palilime. Anthu ankati sukulu inawapitirira. Iwo analibe nazo ntchito, ankangoyenda ndi magambuti awo ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Zinali zaka za makuponi. Bambo anga anali atamwalira, ine ndili Sitandade 5, ndipo thumba la feteleza tinkagawana pakati ndi banja lina. Amayi, aNaphiri, ankamwaza kafeteleza kochepako munda wonse, chimanga n'kutuluka chachikasu, cholekeza m'chiuno. Nkhokwe inkatha mvula isanagwe. Ine ndinkajomba kusukulu kukasoka fodya ku esiteti, ndipo amayi anali atanena kale kuti chaka china cha njala chikabwera, sukuluyo ndiisiyiretu.

Tsiku lina m'mawa a Mwale anaodira pakhomo n'kupempha kuti aone munda wathu. Anauyenda mokhotakhota, kubowola apa, kubowola apo, dothi lonse n'kumalisakaniza m'ndowa. Tsoka ilo, malume anga a Yohane anawaona. Kwathu kuno munthu wotapa dothi m'munda mwa mnzake amadziwika chimene akufuna: kukawa, ndiye kuti kukoka zokolola za ena ndi mankhwala kuti zikadzaze nkhokwe yake. Nanga si kamunda ka a Mwale kankabiriwira chaka ndi chaka? Kwa malume umboni unali utakwana. Pofika Lamulungu, benchi imene a Mwale ankakhalapo m'tchalitchi inali yawo okha, ndipo ena ankati munthu wotereyu asamuke.

Anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kwathu. A Mwale anabwera atamanga tayi, chikwama chija m'khwapa. Anatulutsa zimene analemba pa kafukufuku wawo, kenaka mabuku a anthu ena a kumayiko akutali, n'kumatsegula masamba akumapeto, chala chili pa dzina lawo. Anafotokoza kuti munthu wophunzira akagwiritsa ntchito zimene mnzake anapeza, amalemba dzina la mnzakeyo kuti onse adziwe kumene anatunga, ndipo iwo anali atatchulidwa kambirimbiri ndi anthu amene sanaonanepo nawo. Ankanena monyadira, ndipo ankayenera kunyada.

Malume anangoyang'ana mabukuwo mozondotsa, n'kufunsa kuti, “Amene akukutchulaniwo anadyapo nsima ya m'munda uno?”

Anthu anafa nacho chiseko. A Mwale anatseka mabuku awo limodzilimodzi, ndipo ine zinandipweteka, ngakhale sindinkadziwa kuti zikundipwetekeranji. Atamanga chikwama anadzutsa mutu.

“Yohane, pitani kumunda kwanga mukatape dothi mmene mungathere. Ngati dothi limakoka chimanga, chaka chino chikokereni kuno.”

Pamenepo amayi, amene sankayankhula pagulu, anauza malume kuti, “Achimwene, njala ili m'nyumba mwanga, osati mwanu.” Kenaka anatembenukira kwa a Mwale n'kuwafunsa chimene dothilo linawauza.

Yankho linali lalifupi. Nthaka yathu inali yotopa ndi fodya, chimanga ndi moto wa osaka mbewa. Feteleza wochepayo tithire theka la munda lokha, poyeza ndi kachitsekerero ka botolo phando lililonse. Theka linalo tibzale mtedza ndi nandolo, masangwe ndi masamba ake tikwirire m'mizere, ndipo chaka chamawa tisinthanitse.

Inu, kusiya theka la munda lopanda chimanga m'nyumba ya njala si masewera. Azimayi kumjigo ankati aNaphiri adyetsedwa. Amayi anangomanga chitenje n'kugwira khasu, ine pambuyo pawo ndi kachitsekerero kanga, msana ukuwawa, zala zikuyabwa ndi feteleza. Malume nawo sanagone. Anakatapadi dothi kwa a Mwale, ndowa ziwiri zodzaza, koma m'malo mobweretsa kwa mlongo wawo anakalimwaza m'munda mwawo.

Chaka chimenecho theka lija linatipatsa chimanga chimene kale tinkakolola munda wonse, kuwonjezera mtedza. Chaka chachiwiri, chimanga cha pamene panali mtedza chinandipitirira msinkhu, masamba ake obiriwira mpaka kuda, ndipo ndinkamva zisononkho zikugunda m'ngolo ngati zikwanje. Nkhokwe inafika mu Malichi. Za kusiya sukulu sizinatchulidwenso. Munda wa malume, ndi ndowa zawo ziwirizo, unali wachikasu ngati kale, ndipo nkhani ya kukawa inafera pomwepo popanda woilira.

Azimayi omwe aja anayamba kubwera mmodzimmodzi, ati kudzapempha moto, maso ali kumunda. Amayi ankawafotokozera zonse, koma sankamaliza osanena kuti, “Ndinamva kwa a Mwale.” Ouzidwawo ankakauza anzawo ndi mawu omwewo. Matenanti a ku esiteti anapita nayo nzeruyo kwawo. Tsiku lina a Mwale anabwera kuchokera kumsika akukankha njinga, akuseka okha. Bambo wina wa ku Simlemba, wosawadziwa, anawaimika n'kuwaphunzitsa za mtedza ndi kachitsekerero, ati anayambitsa ndi a Mwale ena ake a ku Chamama, ndipo anawadzudzula kuti akumvetsera mwaulesi.

“Tadala,” anandiitana, “lero anditchula kumsika.”

Sindinawaonepo atasangalala choncho, ngakhale masiku amene ankalandira makalata ochokera kwa anthu ophunzira a kunja.

Anamwalira ndili Fomu 4. Kumanda, abusa ataponya dothi, ndinaona azimayi akumasula mfundo za zitenje zawo. Aliyense anali atabweretsa kadothi ka m'munda mwake, lofiira, lakuda, lamchenga, n'kumaponya pa bokosi. Palibe anawauza. Womaliza anali malume a Yohane, ndipo lawo linali m'kapepala ka shuga. Ndinalira mpaka amayi anandigwira.

Lero ntchito yanga ndi yomweyo yoyeza nthaka. Chitsulo chopotana chija chili ndi ine, chogwirira chake chinasalala ndi manja awo, ndipo ndisanatape dothi m'munda mwa munthu ndimayamba ndamupatsa mwini wake kuti abowole yekha. Zimene ndimalemba zimawerengedwa kutali, ndipo kumapeto kwa pepala lililonse dzina la Mwale limakhalapo. Masiku ano kompyuta ndiyo imawerengera amene anditchula, ndipo nambala ikakwera ndimasangalala, sindibisa. Ndikapita kumudzi ndimakaonetsa malume pa foni. Akalamba tsopano, maso akuchita nkhungu, koma pakamwa mpomwe paja. Amaigwira foniyo mozondotsa n'kufunsa ngati anthu amenewo anadyapo nsima ya m'munda uno.

Ine ndimaloza nkhokwe yawo, imene chiyambire iwo kubzala mtedza imafika mu Malichi isanathe, n'kuwayankha kuti, “Ena anadyapo, malume.”