Tsiku Limene Amalume Anasiya Golo

Mayi ndi amene anagamula kuti ndipite ku Blantyre. Achimwene awo, amalume anga a Dominiko, anali ataferedwa akazi, ndipo ankafuna munthu wowaphikira ndi kuwachapira. Iwo analonjeza kundilipirira sukulu. Ndinali mu Sitandade 7. Tinayenda wapansi kuchoka kwathu ku Likoswe mpaka pamsewu, ine nditakumbatira kathumba ka zovala ndi kope langa lolembamo za tsiku ndi tsiku. Basi itafika mayi anati, "Ukawauze achimwene asiye za mpirazo. Munthu wa imvi kumagubuduka m'fumbi ngati mwana!"

Sindinawauze. Ine kulankhula kumandivuta, ndimangolemba.

Amalume ankagwira ntchito pa kampani ina, koma aliyense ankadziwa kuti akuwasungira mpira. Anali goloboyi wa timu ya kampaniyo. Masapota ankawatchula kuti Madala. Akachoka kokonzekera masewero ndinkawathowa mawondo ndi madzi otentha, iwo ataluma mano.

Ku Ndirande ndinalibe mnzanga. Kusukulu atsikana ankaseka kalankhulidwe kanga, amvekere kakununkha Chilomwe. Ndinkalembera mayi makalata aatali onena za mipira imene amalume agwira. Mayankho awo ankanena za nandolo, za mbuzi yathu yotsimphina, ndi zoti ndisamayende ndekha kumsika. Za mpira, ngakhale liwu limodzi.

Chaka chimenecho timu sinkachita bwino. Mabwana ananena poyera kuti ikatuluka mu ligi aithetsa, osewera onse ntchito ithere pomwepo. Amalume anandiuza akumanga zingwe za nsapato, osandiyang'ana. "Rozina, tikagonja Loweruka, tonse tikagwira khasu. Sukulu yako ithera pamenepo. Tikangofanana nawo mphamvu basi, tapulumuka."

Ndikawerenga kope langa la tsiku limenelo, zilembo zake n'zokhotakhota. Aka kanali koyamba kuti ndilowe m'bwalo la mpira. Adani athu anatigoletsa chigoli chimodzi chigawo choyamba, mpira unadutsa pansi pa mkono wa amalume. Bambo wina kumbuyo kwanga anakuwa, "Madala akapume! Mawondo anatha kalekale awa!" Ndinawerama ngati akunena ine.

Nthawi inatha, woyimbira mpira akungoyang'ana wotchi. Kenaka tinapeza kona. Ndinaona amalume akuvula kapu yawo, n'kuiika bwinobwino pakati pa golo, n'kuyamba kuthamanga. Golo yathu inatsala pululu, ikulonderedwa ndi kapu! Kochi anadumpha pabenchi. "Madala, bwererani! Mwapenga kodi?" Iwo osacheuka. Ankathamanga motsimphina, jezi yawo yobiriwira imene ndinachapa ndekha ikudutsa pakati pa anyamata oti akanatha kukhala ana awo. Akanauphonya mpirawo, adani akanangoukankhira m'golo mopanda munthu.

Mpira unabwera m'mwamba. Anyamata onse analumpha msanga. Amalume anadikira kaye, kenaka analumpha okha pamene anzawo ankatsika. Ndinaona imvi zija zikukumana ndi mpira. Ukonde unagwedezeka!

Sindidziwa kuti ndinakwera bwanji pabenchi. Ndinangozindikira ndikukuwa, "Amalume anga! Amalume anga amenewo!" Ine amene aphunzitsi ankachita kundipempha kuti ndikweze mawu. Bambo uja anandigwira dzanja. "Mwanawe, ndimanena ine kuti Madala ndi katundu!"

Ntchito sinathe, sukulu sinathenso. Patchuthi cha Khirisimasi tinapita kumudzi tonse awiri, titanyamula shuga, sopo ndi nsalu ya mayi. M'basi ndinkada nkhawa kuti nkhaniyi ndikaifotokoza bwanji kwa munthu wodana ndi mpira.

Tisanafike n'komwe pakhomo, tinadutsa ana akusewera mpira wa zikulunga pabwalo la tchalitchi. M'magolo onse awiri munalibe munthu. Kwina kunali chipewa chong'ambika, kwina chibade cha mphika.

Mayi anatilandira ndi nkhope yawo ya masiku onse. "Mwabwera ndi miyendo yonse, achimwene?" Koma ndikukaika katundu ndinaona mabatire anayi atayanikidwa padzuwa padenga la khola la nkhunda, ndipo m'nyumba munali kawailesi kobwereka kwa akatekisiti, kofunditsidwa nsalu. Mng'ono wanga anandinong'oneza kuti Loweruka lililonse mayi ankachoka kumunda msanga, ndipo tsiku la kona ija analulutira mpaka nkhunda zonse kuthawa.

Ndinatuluka panja. Mayi anali atatereka kale madzi othowera mawondo, koma pakamwa sipanali chete.

"Kusiya golo yokha, munthu wamkulu! Akanakugoletsani, ine ndikanayenda bwanji m'mudzi muno?"

"Nanga inu munamva kuti, achemwali?"

Mayi anafinya kansalu, osadzutsa mutu. "Tambasulani mwendowo."