Kavita ndi Kadzidzi Wothyoka Phiko

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali mu Sitandade 6 pa Dedza boma, m'kalasi mwathu mutabwera mtsikana wachimwenye dzina lake Kavita. Bambo ake ankakonza makina ochekera matabwa m'tsinde mwa phiri, komwenso bambo anga ankagwira ntchito, ndiye popita kusukulu tinkayendera limodzi.

Ndikafika kwawo m'mawa, chisanu cha mu Juni chikuluma zala, ndinkamupeza atasamba kale, atakhala pamkeka moyang'anizana ndi bambo ake. Pakona panali kashelefu ka zithunzi za milungu ya Chihindu, kanyali kakuyaka, fungo la lubani litadzaza nyumba yonse. Bambowo ankatchula mawu a m'buku lawo lopatulika, m'chilankhulo chamakedzana, iye n'kumabwereza atatsinzina, mawu akukwera ndi kutsika ngati nyimbo. Ine mwana wa Akatolika ndinkaima pakhomo nditapinda manja, kuopa ngakhale kutsokomola.

Zomwe ankaphunzira pamkekapo ankayenda nazo tsiku lonse. Akaponda buku mwangozi, ankalitola n'kuligunditsa pamphumi ngati akulipepesa. Nyama sankadya, ngakhale ngumbi zimene. Anzathu ankamuseka kuti ndi mbuzi yodya masamba, iye n'kungomwetulira.

Tsiku lina pa buleki kunamveka phokoso kuseri kwa makalasi, kumitengo ya paini. Anyamata anali atazinga kadzidzi wothyoka phiko, ali pansi, maso ali tong'o. Kwathu kadzidzi ndi mbalame ya afiti. Akalira padenga, anthu amati maliro ayandikira. Ana ankakuwa kuti aphedwe, miyala ili m'manja. Ine ndinaima patali.

Kavita anang'amba pakati pa gululo n'kukagwada kutsogolo kwa mbalameyo, manja atatambasula.

"Musamuphe! Wakulakwirani chiyani?"

"Choka apo iwe, ndi wa afiti ameneyo!" anakalipa Yohane, mnyamata wamkulu kuposa tonse m'kalasi.

Mwala unali utachoka kale m'dzanja lake. Unamupeza Kavita pamwamba pa diso, magazi chuchuchu mpaka payunifolomu. Koma iye sanalire, sanatukwane, sanasunthe. Milomo yake yokha ndi yomwe inkagwedera, ndipo ndinazindikira kuti akutchula chamumtima mawu a m'mawa aja. Kenako anavula juzi n'kufunditsa kadzidziyo mosamala, ngati akufunditsa khanda.

Aphunzitsi athu, a Mbewe, anafika akuthamanga, ndodo ili m'manja. Ataona magazi sanafunsenso zambiri, anangomuuza Yohane kuti agone pansi.

"Aphunzitsi, chonde musamumenye," anatero Kavita.

"Mwana iwe, wakuvulaza chonchi, ndiye ukumuikira kumbuyo?"

"Bambo anandiphunzitsa kuti moyo uli mwa inewu ndi womwewo uli mwa kadzidziyu. Ulinso mwa Yohane. Mukamumenya, ndiye kuti mwala uja ndautchingira pachabe."

Ndodo ya a Mbewe ija inatsika pang'onopang'ono mpaka nsonga yake inagunda pansi. Yohane, yemwe ankakwapulidwa kawirikawiri osagwetsa msozi ngakhale umodzi, anabisa nkhope m'mikono n'kuyamba kusisima. Ine ndinayang'ana kumbali, ngati ndaona chinthu chosayenera kuonedwa ndi maso a mwana.

Aphunzitsi anamutengera Kavita kuchipatala kukasokedwa. Yohane ndi amene ananyamula kadzidzi uja m'katoni kukamusiya kwa alonda a nkhalango, omwe ankadziwa za mbalame. Koma patangopita masiku ochepa kadzidziyo anafa ndithu. Pamenepo mpamene ndinamuona Kavita akulira, misozi yomwe sanaigwetse chifukwa cha bala lake lomwe.

Chaka chotsatira banja lawo linasamukira ku Lilongwe, ndipo sitinaonanenso. Ine ndikadali Mkatolika, panopa ndili ndi ana anga omwe ndimawaphunzitsa mapemphero. Tsopano ndikumvetsa kuti chiphunzitso chikamulowa mwana sichionekera pa mawu omwe waloweza, chimaonekera pa zomwe amachita nthawi yoti aganize palibe. Za kukhululukira wokulakwira ndinali nditazimva kambirimbiri paguwa. Koma kuziona ndi maso, ndinayamba kuziona pankhope yamagazi ya mwana wopembedza mosiyana ndi ine.