Mtsikana Amene Ankayang'ana Kukhoma

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, mtsikanayo anatuluka mu kafe ya intaneti atanyamula kapu yake ya tiyi ndi juzi basi. Pakhonde panali makasitomala ake a masiku onse, koma palibe anamupatsa moni. Wina anachita kugwira thumba lake iye podutsa.

"Ndi ameneyu," anatero mayi wina. "Mawu achinsinsi a tonsefe ali m'mutu mwake."

Inu amene munabadwa intaneti ili kale m'thumba, simungadziwe kuti kafe inali chiyani kwa ife. Kanali kachipinda kopapatiza, kumtunda kwa sitolo ya nsalu. Makompyuta ake anali a mitu ikuluikulu, fani inkangozunguliza mpweya wotentha womwewo, ndipo chithunzi chinkatseguka pang'onopang'ono kuyambira kutsitsi. Umatha kupita kukagula madzi, kubwerako chisanafike pachibwano. Koma tinkaikonda kafeyo, ndipo mpaka lero ndimaisowa.

Mtsikanayo tinkamutcha Zala, chifukwa ankalemba osayang'ana pa kiyibodi. Mayeso omaliza a kusekondale sanamuyendere bwino, makolo analibe, ndipo ankalera mng'ono wake ndi ntchito yomweyi. Anali wamtima wabwino mopitirira muyeso, ndipo vuto linagona pomwepo.

Akuluakulu ambiri ankaopa kompyuta. Ndiye Zala ankawatsegulira imelo, kuwasankhira mawu achinsinsi, n'kumawalembera yekha. Kuti asavutike ulendo wina, ankauza kompyutayo kuti iziwakumbukira. Munthu ankangokhala pampando wake wa nthawi zonse, kudina kamodzi, imelo n'kutseguka. Tonse tinkamuyamikira. Palibe anaganiza zoti chitseko chimene chimatsegukira iwe mosavuta chimatsegukiranso wina.

Mmodzi mwa makasitomala ake anali telala wachikulire wa kutsidya kwa msewu. Mwana wawo wamkazi anapita kukagwira ntchito kutali, ndipo anamwalirira komweko, kusiya kamwana m'manja mwa achibale a mwamuna wake. Atelala ankabwera sabata iliyonse, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kukhala pa kompyuta ya pakona. Sankalembera munthu. Ankangotsegula zithunzi zimene malemuyo ankawatumizira, n'kumaziyang'ana mpaka nthawi yawo itatha.

Tsiku lina imeloyo inakana kutseguka. Munthu wina anali atakhala pakona pomwepo, n'kupeza chitseko chili pululu. Anasintha mawu achinsinsi, n'kulembera achibale onse m'dzina la atelala kuti ali m'chipatala ndipo akufunika thandizo. Atamaliza anafufuta zonse, ndi zithunzi zija zomwe.

Zala anayesa izi ndi izi, thukuta lili kamukamu, koma madzi akatayika sawoleka. Atelala sanakalipe. Anangoimirira n'kumuyang'ana.

"Mwana wanga, ndinakupatsa kiyi wa nyumba yanga. Wandiikitsa maliro kachiwiri."

Abwana a kafe anaona kuti njira yachidule yotetezera bizinesi n'kuloza chala munthu mmodzi. Mbiri inawanda yoti Zala ndiye ankagulitsa mawu achinsinsi a anthu. Sanabe kanthu mtsikanayo. Koma ankadziwa kuti chitseko chija anachisiya chotsegula ndi iyeyo, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa bodza lomwe ankamunamizira. Chifundo chinapha nkhwali, akuluakulu sananame.

Ntchito ina inasowa. Ndani angalembe ntchito munthu wa mbiri yotere? Anayamba kusesa m'shopu ya munthu wina wokonza makompyuta, bambo wosalankhulalankhula amene ankakonda mawaya kuposa anthu. Akamaliza kusesa, ankaima kumbuyo kwawo n'kumafunsa mafunso mpaka bamboyo anatopa naye.

"Iwe, unabwera kudzasesa kapena kudzandizenga mlandu?"

"Ndingofuna kudziwa kuti wakuba uja analowa bwanji, bambo."

Bamboyo anamukankhira kompyuta yakale imene mwini wake anaitaya. "Tenga iyi. Ukaiwononga, uikonzenso wekha."

Anaiwononga kambirimbiri, n'kumaikonzanso. Anaphunzira momwe kompyuta imasungira zimene munthu walemba, momwe akuba amatumizira mauthenga onamizira, ndi chifukwa chake mawu achinsinsi sayenera kukhala dzina la mwana kapena chaka chobadwa. Analembetsa mayeso a za chitetezo cha pa intaneti, n'kulephera. Anthu anati, "Si uja analepheranso kusukulu?" Mng'ono wake yekha ndiye anamuuza kuti, "Achemwali, kalembeninso. Ine nsapato zatsopano ndidikira." Analembanso, n'kukhoza.

Patapita zaka, anatsegula kafe yakeyake mumsewu womwe uja, ndi makompyuta otoleza. Apa ndipo anayambitsa kachitidwe kamene kanatiseketsa tonse. Kasitomala akafika polemba mawu achinsinsi, iye ankatembenuka n'kuyang'ana kukhoma, manja ali kumbuyo ngati mwana wolangidwa m'kalasi.

"Tandilembere msanga iwe, ndikuchedwa," anthu ankadandaula.

"Ayi amayi, lembani nokha. Mukatha mundiuze."

"Ndikaiwala?"

"Tipeza mawu oti simungaiwale, koma ine ndisawadziwe."

Dzina la Zala linatha, tinayamba kumutcha Achemwali a Kukhoma. Ena ananyanyala n'kupita kwina kumene ankawalembera. Iye sanasinthe. Makompyuta ake anawakonza kuti munthu akangonyamuka, aziiwala zonse zimene wachita. Pakati pa mipando anaika timatabwa kuti wina asamasuzumire za mnzake. Netiweki ikaduka, anali ndi ina yapadera, kuti wolemba kalata yofunsira ntchito asataye zimene walemba.

Ku msonkhano wa eni makafe anapempha kuti zimenezi zikhale lamulo la onse, kuti wantchito asamagwire mawu achinsinsi a kasitomala ndipo kompyuta isamakumbukire munthu. Anamuseka. Abwana ake akale anati, "Wakuba ndiye amadziwa bwino za maloko." Koma chaka chotsatira makasitomala a m'makafe angapo anaberedwa mwanjira yomwe ija, pomwe a kwa iye sanakhudzidwe. Eni makafe anamuitananso, ulendo uno atamusungira mpando wa kutsogolo.

Kuchoka apo masukulu anayamba kumuitana, kenako maofesi, mpaka anamuika m'komiti yokonza malamulo oteteza zinsinsi za anthu pa intaneti. Makafe anatha m'mene mafoni anachuluka, ndipo yakeyo anaisandutsa malo ophunzitsirako anthu kudziteteza. Dzina lake linayera pamaso pa onse, kupatula munthu mmodzi. Zaka zonsezi atelala akamuona ankawolokera mbali ina ya msewu, ndipo iye ankalolera kuyenda ndi siketi yosasoka bwino kusiyana n'kukagogoda pa shopu yawo.

M'mawa wina, ine ndili pomwepo kuphunzira kuteteza foni yanga, tinamva munthu akukwera masitepe pang'onopang'ono. Anali atelala, tsitsi lonse litayera, tepi ili m'khosi monga kale. M'manja anali ndi foni yatsopano, ataigwira ngati dzira.

"Mdzukulu wanga wakula," anatero. "Wanditumizira ichi. Akuti nditsegule imelo anditumizire zithunzi. Ndafunsa kuti ndipite kwa ndani, aliyense akunditchulira iwe."

Achemwali a Kukhoma anawakokera mpando. Anawakonzera zonse mpaka pofika pa mawu achinsinsi. Atelala anawatambasulira foniyo.

"Ndilembere, mwana wanga, ngati kale. Mawu ake akhale..."

"Musandiuze, bambo. Kiyi ameneyu ndi wanu. Ndinakusungiranipo kamodzi, ndipo mukudziwa zimene zinachitika."

Anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma. Inenso ndinachita manyazi, n'kutembenuka. Kumbuyo kwathu tinkangomva kupuma kwa nkhalambayo ikusakasaka zilembo ndi chala chimodzi chozolowera singano. Zinatenga nthawi, koma palibe anacheuka.

Kenako tinawamva akuimbira mdzukulu wawo kumuuza imelo yatsopanoyo, ndipo posakhalitsa foni inalira.

"Cheuka tsopano," anatero atelala, mawu ali a misozi.

Pa foniyo panali chithunzi cha malemu mwana wawo, ataima pakhomo la nyumba ya kutali kuja, atavala diresi imene bambo ake anamusokera. Mdzukuluyo anali atapeza zithunzi zija m'katundu wa mayi ake, n'kuzitumiza zonse. Atelala anagwira dzanja la Achemwali a Kukhoma n'kuwasendezera pafupi kuti aonere limodzi.

"Ukumukumbukira? Unkandionetsa chithunzi chomwechi pakona paja."

"Ndikumukumbukira, bambo."

"Ndakusungira mkwiyo nthawi yaitali. Ubwere kushopu, siketi imeneyo anakusokera molakwika."

Anaseka onse awiri kwinaku akupukuta misozi, ndipo ine ndinaiwala n'zimene ndinabwerera.

Mnzanga amene ukuwerenga izi, mwina nawenso unalakwitsa chinthu chimene anthu akukutchulira nacho mpaka lero. Mwina unalakwitsa uli ndi mtima wabwino, ndipo n'chifukwa chake zikukuwawa chonchi. Usathawe malo amene unagwerapo. Bwerera ukaone chimene chinakupunthwitsa, uchiphunzire mpaka uzitha kuchenjeza ena. Anthu adzaseka kachitidwe kako katsopano monga tinkasekera mtsikana woyang'ana kukhoma uja, koma asiye aseke. Amene unamukhumudwitsa angachedwe, koma tsiku lina angathe kukwera masitepe ako. Pofika tsikulo adzakupeze uli wokonzeka. Osataya mtima.