Kumanga kwa Abiba

Abiba ndi mkazi mnzanga, ndipo sindibisa, sindinamukondepo. A Swadick anakamutenga ku Chowe ine nditawaberekera kale ana atatu kuno ku Mangochi. Anabwera ndi mawu ofewa komanso luso lokazinga mandasi limene linandilanda makasitomala onse pa depoti. Khomo lake ndi langa n'zoyang'anizana, moti chilichonse chimene ankalandira ndinkachiona ndi maso angawa.

Chaka chachiwiri anabereka mwana wamwamuna, koma anangokhala naye masabata asanu. Titaika maliro, Abiba anasiya mandasi, anasiya kuseka, n'kuyamba kumanga. Ife Asilamu timamanga, ndiye kuti kusala kudya, mwezi wa Ramadani, ndipo ofuna madalitso owonjezera amamanganso Lolemba ndi Lachinayi. Iye anayamba ndi masiku awiriwo, kenako anayi, kenako sabata yathunthu. Ukamupatsa chakudya ankangoti, "Ndamanga," ndipo womanga sakakamizidwa.

Amayi a kumzikiti anamuyesa chitsanzo. Apongozi athu ankati, "Amida, tamuonani mnzanuyu. Inu ngakhale pa Ramadani mumadandaula ludzu." A Swadick nawonso anayamba kumuyankhula mwaulemu ngati akuyankhula ndi a Shehe. Mtima unkandiwawa. Makasitomala anandilanda, mwamuna anandilanda, tsopano andilandenso ndi Mulungu yemwe?

Ndinalumbira kuti ndimugwira akudya mobisa. Ndinkamuzonda pa kampata ka mpanda wa udzu kuseri kwa khitchini yake. Masana sanadye. Nthawi yomasula itakwana, anamwa madzi pang'ono, n'kutenga mpunga umene apongozi anamutumizira kukakhuthulira abakha. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja wakenso. Tsiku lachitatulo, akuwerama, nsalu inatsetsereka ndipo ndinaona nthiti zonse zili pamtunda.

Ndinathamangira kwa a Swadick, ndipo ndinene zoona, ndinapita kukamuneneza.

"Woyera mtima wanu uja samasula ayi! Akunenepa ndi abakha."

Ndinkayembekeza kuti amukalipira. Iwo nkhope inangogwa, anaitana kabaza n'kupita naye kuchipatala. Ine ndinatsatira ndi chikwama cha zovala zake, ndikung'ung'udza njira yonse.

Namwino wa matenda a maganizo anakhala naye nthawi yaitali. Abiba anaulula kuti chichitikire maliro ankadziona wosayenera kudya, popeza bere lake linalephera kusunga mwana. Namwinoyo anatiuza kuti amenewa ndi matenda a kukhumudwa kwakukulu, si majini, si ufiti, ndipo akanapitiriza chonchi mtima wake ukanaima. Anamugoneka masabata awiri, anamupatsa mapiritsi ndi masiku obwerera kudzakambirana zakukhosi. A Shehe anabwera kudzamuona, n'kumuuza kuti kumanga kosamasula kulibe m'chipembedzo chathu, ndipo wodwala samanga.

Tsiku lotuluka, namwino anati pakufunika munthu woti azidya naye mbale imodzi katatu pa tsiku, asankhe yekha. Abiba anadumpha mwamuna wake, anadumpha apongozi, n'kuloza ine.

"Bwanji amenewa?" anafunsa a Swadick modabwa.

"Enanu ndikhoza kukunamizani," anatero Abiba. "Achemwaliwa diso lawo silichoka pa ine. Saphonya kanthu."

Papita miyezi isanu tsopano. Timakhala pamkeka umodzi, mnofu wa nsomba ndimakankhira kwa iye, ine n'kumalimbana ndi mutu. Masiku ena amalira chakudya chili m'kamwa, ndipo ndimadikira mpaka ameze. Masiku ena timatukwanizana, koma mbale imatha. Thupi likubwerera, ndipo sabata yatha ndinamumva akuseka ndi ana anga.

Lachisanu lapitali a Swadick, pochokera kumzikiti, anaima pachipata n'kumuyang'anitsitsa Abiba akuyanika zovala. Ine ndinali pomwepo ndi ndowa pamutu, koma sanandione n'komwe. Nsanje inandigwira. Ndinatula ndowa, ndinapakula chakudya cha masana, n'kumuitana Abiba. Mpunga wa mbali yake ndinauonjezera chipande china.