Kumanzere kwa amayi Fagness

Mukatsika minibasi pa Golomoti n'kuwoloka njanji, m'mudzi wachiwiri mupeza nyumba ya zidina yokhala ndi khonde lalitali. Pakhondepo pamakhala amayi Fagness. Masiku ano sayankhula zambiri, koma kale moni wawo unkamveka tsidya la msewu. Ankalonjera aliyense, ngakhale makondakitala othamangira kuseri kwa mlambe kukataya madzi. Ine ndine Maureen, mlangizi wa zaumoyo m'dera lino. Ndinakula ndikunyambita malambe awo aulere, choncho musayembekezere kuti pofotokoza za iwo ndiima pakatikati.

Anabadwira kufupi ndi Mua, n'kudzakwatiwa kuno ndi bambo Laisoni amene ankagwira ntchito yokonza njanji. Bambowo anamwalira chaka cha njala, cha 2002, n'kuwasiyira ana anayi ndi mbuzi ziwiri zosamva. Anawo anawalera ndi mikeka. Ankadula mlaza kudambo, kuuyanika, kuluka, Lachisanu n'kukayala mikekayo m'mbali mwa msewu. Pambali pawo pankakhala amayi Zainabu ndi beseni la mandasi. Nyumba zawonso zinali zoyandikana: ukakhala pakhonde la amayi Fagness n'kuyang'ana kunjira, ya amayi Zainabu inali kumanzere, poti n'kupemphana mchere osadzuka.

Wina Mkatolika, wina Msilamu, koma chinali chinzake cha ponda apa nane mpondepo kwa zaka makumi atatu. Kukangana ankakangana ndithu, makamaka nkhani ya mbuzi. Chaka ndi chaka mbuzi za amayi Fagness zinkalowa m'chinangwa cha amayi Zainabu, awiriwo n'kulalatirana mpaka agalu kuthawa, mawa lake n'kuwapeza akupetera limodzi mpunga. Mu Okutobala 2018 anakangananso chimodzimodzi. Patangopita masiku anayi, amayi Fagness anagwa pamjigo akuti asenze ndowa.

Inali sitiroko. Bipi anali nayo kalekale, ndipo ndinatopa nawo pa nkhani ya mankhwala. Ankamwa tsiku limene mutu wawawa basi, ati munthu sangamamwe mapilitsi ali bwinobwino ngati akudya mtedza. Kuchipatala anakhalako milungu iwiri. Anabwerako mkono wamanzere uli lende, mwendo akuchita kukoka, koma pakamwa pali bwinobwino. Mayina a zidzukulu onse ankawatchula osaphonya. Aliyense anati mutu wapulumuka.

Mwana wawo wamkazi, Edna, anabwera kuchokera ku Mtakataka kudzawasamalira. M'mawa uliwonse ankawayalira mkeka pakhonde, kuwatsamiritsa kukhoma. Anthu odzazonda ankachokera kumsewu, kudzanja lamanja, ndipo amayi Fagness ankawalandira ndi nthabwala monga kale. Amayi Zainabu okha ndi amene ankachokera kumanzere.

Tsiku loyamba kubwera ndinalipo. Anafika ndi mbale ya futali yovundikira bwino.

"Odi kuno!"

"Odini!" anayankha amayi Fagness, koma khosi analitembenuzira kumanja, kumene kunali ine ndi Edna.

Amayi Zainabu anakhala pansi chakumapeto kwa mkeka, mbale n'kuiika pafupi ndi bondo la mnzawo. Anadikira, pakuti mlendo sayamba kulonjera mwini khomo. Amayi Fagness anapitiriza kundifunsa za ukwati wa mchemwali wanga. Amayi Zainabu anatsokomola. Kenaka anaphwanya mwambo n'kuyamba okha.

"Mwadzuka bwanji, anzanga?"

Amayi Fagness anandiyang'ana ine. "Iwe Maureen, moni umapereka kangati? Ndati ndadzuka."

Edna anangoti maso pansi. Amayi Zainabu anakhalabe kwa kanthawi, kenaka anadzuka n'kumapita, mbale yawo isanavundukulidwe.

Apa ndiye pamene ndimadzida. Ndikanangonena kuti amayi, a Zainabu ali apawa, nkhani yonse ikanathera pomwepo. Koma ndinati za akuluakulu sindingalowerere, mwina nkhani ya mbuzi ija sinathe. Edna naye anali ndi maganizo ake. Iye ankakhulupirira kuti munthu sangagwe chabe patangopita masiku anayi chikanganirane ndi mnzake, ndipo ataona mayi ake akufulatira amayi Zainabu anati basi, wodwala wamudziwa amene anamuchita chipongwe. Futali uja anakamukwirira kudzala, kuopa kuti nkhuku zingadye.

Nkhani yotere sichedwa kumera miyendo. Pamjigo ankati wodwala amalonjera aliyense, ngakhale oledzera, kupatula munthu mmodzi. Ankati chakudya cha wina aliyense amadya, koma mbale ya uje sayikhudza n'komwe. Palibe amene anatchula mawu akuti mfiti pamaso pa amayi Zainabu. Anangosiya kugula mandasi awo. Pamaliro, amayi anzawo ankawalanda mthiko mwaulemu, ati pumulani, mwakalamba.

Iwo sanasiye kubwera. Ankadziwa kuti akasiya, anthu ati chikumbumtima chawagwira. Ankafika, kuodira, kukhala malo omwewo, kudikira moni, n'kubwerera. Edna sankawayankhula. Ine ndikawapeza ndinkawalonjera mwamsangamsanga n'kunamizira kuti ndikuthamangira kusikelo ya ana.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti nawonso amayi Fagness mtima unkawawawa. Anafunsapo Edna kamodzi kuti kodi a Zainabu ali kuti, iye n'kuyankha kuti, "Asiyeni amenewo, amayi." Iwo anamva ngati mnzawo anakana kubwera chifukwa cha mbuzi. Kudzikuza anali nako, sanafunsenso. Madzulo anthu akabalalika ankangokhala duu, kuyang'ana kumsewu. Ndikawafunsa ankati akuwerenga malole.

Mu Epulo, atakolola, mwana wa amayi Zainabu anabwera ndi galimoto kuchokera ku Chipoka. Anakweza katundu, anazula malata padenga, n'kuwatenga mayi ake. Anthu anati mwaona, wathawa.

Mu Juni kunabwera anthu a kafukufuku ochokera ku Blantyre. Ankayendera anthu amene anadwalapo sitiroko kuti aone mmene akukhalira kumudzi atatuluka m'chipatala, ndipo ine ndinkawalondolera makomo. Amene ndinayenda naye anali Noel, mnyamata wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, woonda ngati bango, wofunsa mafunso osatha. Kunena zoona ndinkamuona ngati wongotitayitsa nthawi. Koma paja mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Atawayeza mkono ndi mwendo, anatulutsa pepala la timizere tambirimbiri kuti adule kamzere kalikonse ndi cholembera. Amayi Fagness anaseka, ati sukulu anailekera sitandade wanu, asawavutitse. Noel anapempha lichero ndi mtedza wosenda. Anamwaza mtedzawo m'lichero monse, n'kuliika pamiyendo pawo.

"Amayi, tatolani wonse muike m'kapumu."

Anatola msangamsanga ndi dzanja lamanja. "Ndatha, mwanawe. Ntchito ina?"

Theka la lichero, la kumanzere, linali lodzaza mtedza. Malire ake anali owongoka ngati wina walemba ndi chala. Noel anazungulitsa licherolo pang'onopang'ono mpaka mtedza wotsala unafika kumanja.

"Aa! Wathiranso wina? Ukundiseweretsa iwe eti?"

Noel anadzuka, anazungulira, n'kukakhala kumanzere kwawo, pamalo penipeni pamene pankakhala amayi Zainabu. Anawapatsa moni. Iwo anayang'ana ine n'kuyankha.

Anatifotokozera mosavuta. Mtsempha umene unatsekeka unali mbali yakumanja ya ubongo, ndipo mbali imeneyo ndi imene imasamala za kumanzere. Maso ndi abwino, makutu ndi abwino, koma ubongo unasiya kulabadira chilichonse cha mbali imeneyo. Sikuti munthu amaona mdima ayi. Kwa iye kumanzere kulibeko, ndipo sadziwa kuti pali chimene chikusowa. Anati zimachitikira anthu ambiri a sitiroko yotere, kungoti achibale amaziyesa mwano kapena misala. Anafunsa Edna ngati mayi ake amasiya chakudya mbali imodzi ya mbale. Edna anavomera ndi mutu, ati ankayesa kuti akhuta.

Ndinayang'ana Edna, iye anali atagwira pakamwa. Kenaka amayi Fagness anafunsa Noel.

"Mukutanthauza kuti munthu atakhala uku sindingamuone?"

"Pokhapokha mutatembenuza mutu mwadala, amayi," anatero Noel.

"Nanga alipo amene ankakhala uku?"

Noel sankadziwa kanthu, anangotiyang'ana. Ndinaona kuti Edna sangathe, ndiye ndinanena ndine. Ndinawauza zonse, za futali, za pamjigo, za malata. Sanalire. Anagwira chibwano chawo ndi dzanja lamanja, n'kudzikankha nkhope mpaka inaloza kumanzere. Anaona zipupa zopanda denga, udzu utamera pakhomo. Kusamukako kunachitika iwo ali pakhonde pomwepo, masana dzuwa likuswa mtengo.

Nambala ya mwana wa amayi Zainabu ndinaipeza kwa shehe wa kumzikiti. Tinaimba mawa lake pa foni yanga, nditaikweza mawu. Ndinayamba ndine kufotokoza za ubongo ndi lichero, ndikupunthwapunthwa. Kenaka foniyo ndinaipereka kwa amayi Fagness.

"A Zainabu, mwadzuka bwanji?" anatero amayi Fagness.

Tinamva nkhuku za ku Chipoka, kenaka mawu a amayi Zainabu.

"Moni umenewo ndinaudikira miyezi isanu ndi umodzi, a Fagness."

"Sindinakuoneni, anzanga. Mulungu ndi mboni. Ine ndinkati mwanditaya chifukwa cha mbuzi."

"Mbuzi! Wallahi, inu ndi mbuzi zanuzo." Anaseka pang'ono, kuseka kwake kosakoma. "Ndakumvani. Mtima wanga unkakana kuti inu mungandiganizire zotere. Koma amene anandilanda mthiko pamaliro aja, nawonso ubongo wawo unatsekeka?"

Amayi Fagness anawapempha kuti abwerere, ati malata tisonkherana. Amayi Zainabu anati ayi, munthu sabwerera kumene ana anaphunzitsidwa kuthawa akamuona. Anati adzabwera kudzacheza mvula ikubwerayi ikatha, inshallah.

Nkhani ya lichero ndinaifotokoza pamjigo, kusikelo, ngakhale kumphakati. Ena anamva. Ena anati a kafukufuku amadziwa za m'mabuku, za kuno sazidziwa. Edna anapita yekha ku Chipoka kukapepesa, anamulandira bwino, anamuphikira mpunga, koma anabwerako yekha.

Noel anasiya malangizo. Anamanga kansalu kofiira pamzati wakumanzere wa khonde, n'kuuza amayi Fagness kuti nthawi ndi nthawi azitembenuza mutu mpaka akaone, ndipo ife tizikhala dala mbali imeneyo powachezera. Mwa odwala onse a m'kafukufukuyo, anati palibe amene analimbikira ngati iwo. Atabweranso patapita miyezi itatu, amayi Fagness anatola mtedza wonse m'lichero kupatula njere zinayi. Noel anasangalala kwambiri, analemba m'mapepala ake kuti akuchira bwino.

Mvula inabwera n'kutha, inabweranso, inathanso. Amayi Zainabu miyendo inayamba kuwavuta, minibasi sangakwere. Amaimbirana foni ndikapitako, koma amayi Fagness amati kucheza kwa pafoni n'kosakhutitsa, sungapete nako mpunga.

Sabata yatha ndinawapeza ali okha, Edna atapita kuchigayo. Ndinakhala kumanja mwaulesi, ndikulemba za bipi yawo. Tili pakati pocheza anaima, anatembenuza mutu pang'onopang'ono monga anawaphunzitsira, anayang'ana kumanzere kwa kanthawi, n'kubwerera kwa ine. Ndinawayamikira kuti tsopano akuchita okha osakumbutsidwa.

"Ndimatembenuka ndithu, mwana wanga," anatero. "Pamene kunali munthu sindinkatha. Pano ndikutha, ndipo tsiku lonse ndimangoona kuti kulibe."