Thumba la Mbali Iyi

Pakampani yathu yosoka mayunifolomu palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Ndi Mayi Bwerezani basi, ndipo ukawaitana choncho amatembenuka. Ine ndine dalaivala, ndimanyamula nsalu kuchoka kulikulu kupita kunthambi zathu zitatu, choncho nkhani za pano zimandipeza ndisanazifune.

Mayiwa asanakhale mlembi wa abwana anaphunzitsa ana a kalasi yoyamba zaka khumi ndi zinayi. Fumbi la choko linawawononga pakhosi, dokotala n'kuwaletsa kukuwa, ndiye anabwera kwathu ndi botolo la madzi ofunda ndi mawu apansipansi. Kusukuluko anatolako nzeru imodzi: mwana amene wakuwitsitsa kuti "tamva, aphunzitsi" ndi amene sanamve kanthu.

Lolemba lililonse m'mawa abwana ankachititsa msonkhano wa pavidiyo. Ankakhala kutsogolo kwa laputopu n'kuyankhula okha ola lathunthu. Akapitawo a kunthambi ankazimitsa makamera poopa kutha kwa bandulo, moti pasikirini pankangooneka timabokosi takuda. Kunthambi yakutali ndinadzionera ndekha. Akapitawo a kumeneko, bambo wachikulire amene timawatcha a Sizasi, ankaika foni m'thumba la malaya n'kumadula nsalu msonkhano uli mkati. Abwana akafunsa kuti, "Mukundimva?" iwo ankaweramira m'thumbamo n'kuyankha kuti, "Tikumva, bwana." Sankanama ayi, mawu ankafikadi.

Paja tsoka silinunkha. Chipatala china chinaitanitsa madiresi a anamwino mazana awiri, thumba kumanzere. A Sizasi anasoka onse thumba kumanja, monga achitira zaka makumi awiri. Katundu anakanidwa, ndipo ndine ndinabwerera naye kulikulu.

"Ndinamufunsa katatu, iye n'kumati akumva!" abwana anamenya tebulo. "Umenewu ndi mwano. Mayi, lembani kalata, Lachisanu achoke."

A Sizasi akulera adzukulu atatu, ndipo ndi imvi zimene zija ntchito ina akanaipeza kuti? Ine zinandiwawa kwambiri, koma dalaivala amadandaulira chiwongolero.

Mayi kalatayo analembadi. Anaiika patebulo la abwana n'kuitsindira ndi botolo lawo lija. "Bwana, musanasaine, mundibwereke msonkhano umodzi. Mphindi makumi awiri zokha, woyendetsa ndikhale ine."

Lachinayi m'mawa ndinali muofesi ya abwana, nditanyamula diresi imodzi mwa okanidwa aja. Mayi anali atatumiziratu bandulo kunthambi zonse kuti wina asakhale ndi pothawira. "Amene sindikumuona nkhope sanabwere," anatero. Timabokosi tija tinayamba kutseguka kamodzikamodzi. Kwa a Sizasi tinayamba kuona denga, kenako dazi, kenako mphuno yodzaza sikirini yonse.

"Bambo, itsamiritseni pamakina foniyo, musatiopseze ndi mphuno."

Anthu anaseka. Aka kanali koyamba kumva kuseka pamsonkhano umenewu.

"Tsopano bambo, bwerezani zimene abwana ananena za thumba."

"Anati, 'Thumba muike mbali iyi.' Katatu konse, mayi."

"Mbali iti?"

"Iyi." A Sizasi anakanda dazi lawo. "Ine ndinangoti ndi mbali ya masiku onse."

Abwana anadzuka pampando. "Komatu ndinanyamula diresi! Ndinaloza ndi chala!"

Mayi sanatsutse. Anangotembenuza laputopu kuti abwana aziona kumbuyo kwake. "Bambo, tengani diresi, muwauze abwana pamene pakhale batani loyamba."

"Apa, bwana," mawu a a Sizasi anatuluka m'laputopumo.

"Mwamva, bwana?"

"Ndamva."

"Pati?"

Abwana anangoyang'ana kumbuyo kwa laputopu kuja. Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa kuseka bwana ntchito ili m'manja mwake n'kuputa mavu.

Kuyambira tsiku limenelo misonkhano yathu inasintha, ndipo ndikunena molimba mtima kuti palibe kampani ya nsalu imene ingatipose pamenepa. Funso lakuti "mukumva?" Mayi analiletsa. Akapitawo ndi amene amayamba kuyankhula, aliyense nsalu ili m'manja, abwana amatsiriza. Munthu asanatuluke amanena yekha zimene akachite sabata imeneyo, ena akumuona. Mphindi makumi awiri zikakwana, Mayi amagogoda botolo patebulo, ngakhale abwana ali pakati pa chiganizo.

Koma dzina lija Mayi analipata Lachinayi lomwelo. Mayi atabweza laputopu m'malo mwake, abwana anakhala pansi n'kunena chapansipansi kuti, "Chabwino, chabwino, mayi. Nkhani ya kalata ija ndamva."

"Bwerezani, bwana. Kunthambi mawu amadukaduka."

Ndinaganiza kuti makalata akhala awiri. Abwana anawayang'ana Mayi nthawi yaitali, Mayi osaphethira. Kenako anasuntha botolo lija, n'kutenga kalata, n'kuinyamula patsogolo pa kamera kuti nthambi zonse zione, n'kuing'amba pakati.

"A Sizasi, simukuchoka. Matumbawo amasuleni muwaike kumanzere, kumanzere kwa wovalayo. Wolakwa ndine, ndinkalozera anthu amene sakundiona."

A Sizasi anavula magalasi, n'kupukuta m'maso ndi kansalu kotsala podula. Atawavalanso anayandikira foni mpaka mphuno ija inadzazanso sikirini.

"Apa ndiye ndaona, bwana."