Mabowo a pa chitseko cha pensau

Tsiku limenelo ndinkachapa nsalu zoyala pabedi kuseri kwa pensau. Pensau inali nyumba yogona alendo m'tauni mwathu, kuchigawo cha Tete ku Mozambiki. Anaimanga Apwitikizi kalekale. Makoma ake anali ochindikala, denga la matailosi ofiira, khonde la zipilala zoyera. Kumaso kunali chitseko cha mlombwa chosemedwa maluwa.

Atate ankachipaka mafuta chitsekocho m'mawa uliwonse, koma sankalowerapo. Antchito tinali ndi kakhomo kathu kukhitchini, kolowa chowerama, pafupi ndi ngalande ya madzi otsukira mbale. Azungu atapita, bwana watsopano anasiya lamulolo mmene linalili. Kakhomoko ndinkadana nako.

Inali nthawi ya nkhondo. Mfuti zinayamba kulira kumsika. Nkhunda zinabalalika padenga. Ndinali kamtsikana, sopo ali m'manja.

Bwana anathawa pa galimoto. Malo analipo, koma anakwezapo wailesi ndi masutikesi.

Anthu a pafupi anathamangira mu pensau, kudalira makoma aja. Ifenso tinalowa. Atate anatseka chitseko chachikulu n'kuchitsamira ndi msana, poti mpiringidzo unali wothyoka. Anauza amayi kuti, "Tengani ana, tulukirani kukhitchini." Kanali koyamba kuwaona atate ataima m'chipinda cholandirira alendo opanda tsache m'manja.

Tinatuluka mmodzimmodzi, chowerama. Asilikali sanakaone kakhomoko chifukwa kanali kuseri kwa mulu wa nkhuni. Tinakwawa m'ngalande. Zakudya zowola zinandilowa m'kamwa. Sindinalavule, kuopa kumveka.

Ndili m'ngalandemo ndinamva mfuti kumaso kwa nyumba. Ndinaima. Amayi anandikankha phazi kuti ndizipita.

Tinadzera m'tchire kulowera ku Zambia, mlongo wanga wamng'ono ali kumsana kwanga. Tinkadya chinangwa chachiwisi cha m'minda ya eni. Titafika ku Chadiza, mayi wina anatipatsa madzi osamba asanatifunse n'komwe mayina. Fungo la ngalande linachedwa kuchoka m'tsitsi.

Lero ndine nkhalamba ya ku Kalingalinga, mu Lusaka. Mwana wanga Yohane ndi kalipentala, amagulitsa zitseko m'mbali mwa msewu. Mwezi watha anabwera ndi foni m'manja.

"Amai, onani," anatero m'Chinyanja cha mu Lusaka. "Kuli bamadamu ba kumayadi ku Kabulonga bafuna chitseko monga ichi. Banagona pa hotela ku Mozambiki, bakamba ati ni vakale maningi. Bafuna na mabowo yake, ati yaoneka bwino."

Ndinayang'ana chithunzicho. Inali pensau. Aipaka laimu, pakhonde aikapo miphika ya maluwa. Mkwatibwi wina waima pachitseko, mano onse panja. Mabowo ali pomwepo, m'munsi mwa duwa losema lija, pamene pankafika msana wa atate. Awapaka vanishi kuti aziwala.

Ndinatuluka panja kukalavula. Ndinanyansidwa, ndipo mpaka lero ndikunyansidwabe. Anthu akulipira kuti ajambulidwe pamalo pamene munthu anafera, wina n'kumafuna mabowowo panyumba pake ngati zokongoletsa. Madamuwo sadziwa, inde. Koma amene anapaka vanishi uja anafunsako kuti chinaboola mlombwa wolimba chonchi n'chiyani?

Ndinamufotokozera Yohane zonse. Ndinali ndisanamuuzepo za chitseko. Anamvetsera, n'kubweza foni m'thumba.

Chitsekocho anachipanga ndithu, ndi maluwa ake omwe, koma chopanda bowo ngakhale limodzi. Madamu anachikana. Yohane anachinyamula pawilibala n'kudzachiika pakhomo panga. N'chachikulu kuposa nyumbayi, anachita kugumula khoma. Ndimalowera pamenepo osawerama.

Ku Chadiza tinafika atatu: amayi, mlongo wanga ndi ine. Amayi tinawaika kuno ku Lusaka. Mlongo wanga ali ku Matero, ali ndi zidzukulu. Atate sitinawaike, ndipo sitidziwa amene anawachotsa pachitseko paja.